Boxer, AG200 kapena DT: njinga yamoto yoyenera msewu wa Chipangali

Achimwene, mwafunsa kuti mwa njinga zamoto zimene anthu a m'gulu muno anakhalapo nazo ndi iti imene anaikonda koposa, poti mwagulitsa soya ndipo mukufuna kugula yanu yoyamba yoyendera pakati pa Chipangali ndi Chipata, nthawi zina mutanyamula feteleza kapena munthu kumbuyo. Mayankho amene abwera kale ndi mayina okhaokha, wina Boxer, wina DT, wina AG. Onsewo akunena zoona, koma aliyense akunena za msewu wake. Munthu amaikonda njinga chifukwa cha njira imene amayendamo, katundu amene amaisenzetsa, ndi kutalika kwa kumene amakasaka sipeya ikafa.

Pa ulendo wanuwo ife tikuti gulani Bajaj Boxer BM150 kapena TVS HLX 150. Zonse ziwiri n'za ku India ndipo zinapangidwira ntchito yonyamula. Boxer ili ndi injini ya 145cc yozizira ndi mphepo, tanki ya malita 11, mpando wautali wosalala ndi keriya yolimba kumbuyo. Ikakhala bwinobwino, lita imodzi imayenda makilomita 35 mpaka 45 malinga ndi katundu ndi dzanja la woyendetsa. Mutadzaza tanki ku Chipata mutha kufika ku Lundazi, mtunda wa makilomita pafupifupi 180, mafuta atatsala ngati theka. Koma chachikulu si mafuta ayi. Chachikulu n'chakuti kebo ya kilatchi ikaduka, kapena mapuleti a kilatchi akatha, mumazipeza m'mashopu a m'tauni tsiku lomwelo, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo ku Katete, ku Sinda kapena ku Chadiza anaitsegulapo kambirimbiri injini imeneyi. Kufooka kwake kulipo. Ndi yaifupi pansi, choncho m'njira zokumbika ndi ngolo imagunda mimba. Matayala amene imabwera nawo ndi a pa tala, m'matope a Januwale amaterereka. Sinthani lakumbuyo muike la mano. Mabuleki a zambiri mwa njingazi ndi a dramu, ndipo mukangowoloka mtsinje sagwira mpaka aume. Mukatuluka m'madzi yendani pang'onopang'ono mutaponda buleki mopepuka kwa mamita ngati 100.

Amene akutchula Yamaha AG200 musawatsutse. Ambiri mwa iwo anaiyendetsa pa ntchito ya ulangizi wa zaulimi kapena ya zaumoyo, m'madera onga Msoro, Vubwi ndi kuchigwa cha Luangwa. Njinga imeneyi inapangidwira alimi a ku Australia ndi New Zealand. Injini yake ndi 196cc, tcheni yake ili m'bokosi lotsekedwa kotero fumbi ndi matope sizilowa, ili ndi zoimikira mbali zonse ziwiri, keriya kutsogolo ndi kumbuyo, ndiponso zitsulo zoteteza zogwirira ikagwa. Giya yoyamba ndi yotsika kwambiri, imayenda liwiro la munthu wapansi osazima, n'chifukwa chake m'dambo ndi mumchenga palibe ina yoiposa. Pa tala ndiye si kwake: mukaikakamiza kupitirira liwiro la makilomita 80 pa ola kwa nthawi yaitali imangolira. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo sipeya yeniyeni nthawi zambiri imachokera ku Lusaka, makilomita oposa 550. Mukadakhala kuti mvula ikagwa msewu wanu umatheratu, tikadati AG200. Munthu wolowa m'tauni kawiri katatu pa sabata, ndalama imeneyo ndi yambiri.

Yamaha DT125 imakondedwa chifukwa cha kupepuka ndi kudumpha kwake. Gudumu lakutsogolo ndi la mainchesi 21, limakwera mwala ndi mzere wa m'munda mosavuta. Koma injini yake ndi ya mtundu wa two-stroke, ndiye kuti imawotcha oyilo pamodzi ndi petulo. Ili ndi katanki kapadera ka oyilo wa 2T ndi pampu yotchedwa Autolube. Katankiko kakauma, kapena kapaipi kake kakalowa mpweya, pisitoni imamatirira m'silinda muli pa liwiro, gudumu lakumbuyo n'kukoka. Zambiri zimene zikugulitsidwa masiku ano n'zakale ndipo pampuyo anaichotsa kalekale, oyilo amathira m'tanki momwemo. Ngati ndi choncho muyezo ndi 30 mpaka 40 ml pa lita iliyonse ya petulo, ndipo potsetsereka phiri lalitali, monga potsikira kuchigwa, musamatseke moto kwa nthawi yaitali injini ili m'giya, chifukwa petulo akasiya kulowa ndiye kuti oyilonso wasiya. Imamwa mafuta kuposa Boxer, ekizozi imadzaza mwaye, ndipo katundu wolemera siimukonda. Ndi njinga yosangalatsa, koma si ya thumba la feteleza.

Za Honda n'zodziwika, mpaka kumudzi njinga yamoto iliyonse timangoti honda. XL125 ndi anzake a XR amapirira misewu yoipa bola oyilo asachepe. Pa XL125 yakale, camshaft (shafiti yotsegula mavavu) imazungulira pa chitsulo cha mutu wa injini mwachindunji, ndiye oyilo akada kapena akachepa, chimene chimadyeka ndi mutu wonsewo, osati kabeyaling'i kotchipa. Za ku China monga Lifan, Haojue ndi Kinglion musazinyoze. Zambiri zinatengera injini ya Honda CG125, imene inatuluka mu 1975 itapangidwira dala mayiko kumene njinga sizionana ndi galaja kawirikawiri. Injini ya mtundu umenewu ilibe timing chain (tcheni ya mu injini yozungulitsa camshaft), mavavu amakankhidwa ndi timitengo tachitsulo, ndipo imakhululuka zambiri. Imanjenjemera, choncho mabawuti a injini, a ekizozi ndi a zopondera amafunika kumangidwa sabata yoyamba, kenako mwezi ndi mwezi.

Tsopano apa ndi pamene tikufuna mumvetsetse, chifukwa njinga zambiri zimene anthu amati n'zoipa zinaphedwa ndi zinthu zitatu: oyilo, fumbi ndi tcheni.

Injini zimenezi, kupatula ya DT, zimalowa oyilo pafupifupi lita imodzi basi, ndipo oyilo yemweyo ndi amene amatumikira pisitoni, magiya ndi kilatchi. Njinga yatsopano ichotseni oyilo woyamba pa makilomita 500. Kuchokera apo, m'fumbi la kwathu kuno musapitirire makilomita 2,000, ndipo wonyamula anthu tsiku lonse asinthe pa 1,500. Gulani 20W-50 wa njinga zamoto, wolembedwa 4T ndi JASO MA pa botolo, chidindo cha pa chivundikiro chisanadulidwe. Oyilo wa galimoto wina ali ndi mankhwala oterereka amene amachititsa kilatchi kuphonya: injini imakwera mawu koma njinga osathamanga. Wa m'mabotolo a madzi wogulitsa m'mbali mwa msewu musayese n'komwe. Chotsani oyilo injini ikadali yofunda, mum'khuthulire m'mbale yoyera, kenako mupite nayo padzuwa muipendeke. Oyilo wakuda chabe palibe vuto. Mukaona tonyezimira ngati mchenga wa mumtsinje, chitsulo chikudyana m'katimo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Kasefa kawaya kamene kali pansi pa injini katsukeni ndi petulo musanathire watsopano. Poyeza, njinga iime chilili pamalo osalala, osati itatsamira pa choimikira cham'mbali.

Fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala ndi limene limatha maring'i a pisitoni. Tsegulani bokosi la sefa ya mpweya sabata iliyonse nyengo imeneyi. Ngati sefa ndi ya siponji, itsukeni ndi parafini, muifinye osaipotokola, iume, ndiye muidontheze oyilo woyera pang'ono n'kuifinyanso mpaka ingokhala yonyowa osadontha. Siponji youma imadutsitsa fumbi. Ngati ndi ya pepala, musaitsuke kapena kuithira oyilo, igogodeni pang'ono ndipo ikada musinthe. Pisani chala m'paipi yarabala yochokera pa bokosilo kupita ku kabyuleta. Chala chikatuluka ndi fumbi lofiira, ndiye kuti penapake pali mng'alu kapena kalampu yamasuka, ndipo injini ikupuma dothi. Miyezi ingapo mudzaona utsi wabuluu kumbuyo, oyilo akuchepa, mphamvu pa chitunda palibe.

Tcheni ikhale ndi mpata wa 20 mpaka 30 mm mukaikankha ndi chala pakati pa masipuloketi awiri. Njinga zazitali monga DT ndi XR zimafuna wochulukirapo pang'ono. Ambiri amaikoka kwambiri poganiza kuti akulimbitsa, ndiye munthu akakhala kumbuyo n'kugwera m'dzenje tcheni imakokeka mpaka kuwononga beyaling'i ya pa shafiti yotulukira m'magiya. Yesani mpatawo wina atakhala pampando. Pomanga, zizindikiro za mbali zonse ziwiri za gudumu zifanane. Thirani oyilo wa magiya wa 90 pa makilomita 500 alionse, ndiponso mukangoyenda m'mvula. Girisi pa tcheni yopanda bokosi imagwira mchenga n'kusanduka chokhulira. Mano a sipuloketi akapindika ngati minga ya kankhande, sinthani zonse zitatu pamodzi, tcheni ndi masipuloketi awiri. Tcheni yatsopano pa sipuloketi yakutha siichedwa kutha. Kakilipu kolumikizira kaikidwe mbali yotseka italoza kumene tcheni ikupita.

Zotsalazo n'zazing'ono. Mpweya wa m'matayala kutsogolo 25 psi, kumbuyo 28, mukanyamula 32. Tayala lofewa limatsina chubu pa mwala. Masipoko muziwagogoda ndi sipanala, lolira mogontha lamasuka, ndipo limodzi likaduka anzake amatsatira. Njinga ikayamba kuvuta kulira m'mawa koma pulagi ili bwino, kawirikawiri mavavu athina. Ayezedwe injini itazizira, ndi feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mpata) osati ndi khutu, mpata wake umakhala pakati pa 0.05 ndi 0.10 mm malinga ndi buku la njingayo. Mukagula petulo wa m'zigubu kumudzi, musefeni pa kansalu, ndipo njinga ikayamba kutsamwa masulani kasikuluwu ka pansi pa kabyuleta madzi atuluke.

Za katundu tinene mosabisa. Njinga za msinkhu uwu zinapangidwira makilogalamu pafupifupi 150 kuphatikiza woyendetsa. Inuyo ndi thumba limodzi la 50 kg zili bwino. Matumba awiri mwafika kale pamalire kapena mwapitirira. Atatu ndi amene amathyola keriya, kutulutsa mafuta m'mashoko ndi kupepula gudumu lakutsogolo mpaka chiwongolero kumagwedezeka chokha. Thumba likhale pampando pafupi ndi msana wanu, osati kumapeto kwa keriya, ndipo limangidwe ndi malegeni mopingasa.

Ngati mukugula yogwirapo ntchito, pitani m'mawa ndipo mugwire injini ndi dzanja musanailize. Ikakhala yofunda, wogulitsa anayamba waitenthetsa kuti ibise vuto. Bwererani tsiku lina. Iyenera kulira pa kiki yoyamba kapena yachiwiri. Mverani kugogoda kwa pansi pa injini, onani utsi, yang'anani pa felemu pansi pa tanki ndi pansi pa mpando ngati panawotcheredwa. Nyamulani gudumu lakutsogolo mutembenuze chiwongolero. Chikamakodwa pakati, mabeyaling'i a khosi atha. Batire iwerenge mavoti 12.6 njinga itazima, ndi 13.5 mpaka 14.5 ikulira, ikapitirira apo rectifier (kachipangizo kowongolera magetsi opita ku batire) yafa ndipo idzakutherani mababu.

Mapepala ndiwo amaliza anthu ambiri kuno, poti tili pafupi ndi malire a Mwami ndi Chanida ndipo njinga zina zimalowera m'njira zachidule. Nambala ya pa felemu ndi ya pa injini zifanane ndi zolembedwa mu white book (buku la umwini wa njinga), chilembo ndi chilembo, ndipo pamene pali nambalapo pasaoneke kuti panapalidwa kapena kupakidwa penti yatsopano. Yopanda mapepala a ZRA (bungwe lotolera misonkho), ngakhale itatchipa bwanji, mudzavutika kuilembetsa ku RTSA (bungwe loona za pamsewu) ndipo itha kulandidwa pa rodibuloko. Laisensi ya A1 imalekeza pa 125cc, ndiye mukasankha 150 mufunika ya A. Ngati zimenezo zikuvutani pakali pano, HLX 125 ikugwirirani ntchito yomweyo, kungoti pa chitunda mutanyamula muzitsitsa giya msanga. Pa ndalama ya soyayo patulanipo ya inshuwalansi, ya msonkho wa pamsewu, ndi ya zisoti ziwiri zomanga pachibwano, china cha amene mudzamunyamule.

Mukaitenga yatsopano, makilomita 1,000 oyamba musaipitirize liwiro la 50 kapena 60, musainyamulitse thumba, ndipo muziipumitsa mphindi khumi mukayenda ola limodzi. Pansi pa mpando muzisungamo pulagi yapadera, kebo ya kilatchi, kolumikizira tcheni ka 428, zigamba ndi guluu, masipanala a 8, 10, 12, 14 ndi 17, ndipo pampu yamanja muimangirire ku keriya.