Mfuti ya agogo yachita dzimbiri

Funso: Malemu agogo anandisiyira mfuti ya mipope iwiri yogundizana, yolembedwa Birmingham, koma yachita dzimbiri. Kodi ingakonzeke? Wowerenga, Ngabu.

Yankho: Bambo, chonde musaiwombe kaye. Mfuti zambiri zakale za ku Birmingham, mzinda wa ku England, kumene nyumba yoyesera mfuti inakhazikitsidwa mu 1813, zili ndi mipope imene amisiri ankasula popotokola pamodzi zitsulo za mitundu iwiri. Mipope yotereyi inapangidwira wonga wakuda, moti zipolopolo zamakono zikhoza kuiphulitsa, makamaka poti chinyezi cha kuchigwa kuno chimadya chitsulo mkati mosaonekera. Musaipale ndi sandipepa, chifukwa mudzafufuta zidindo za pansi pa mipope zimene mmisiri amadziwira mphamvu yake. Ipakeni mafuta pang'ono basi. Musanapite nayo kwa mmisiri, kailembetseni kupolisi m'dzina lanu.