Kwadi ikuombera nkumazima, musathamangire kugula CDI

Sabata ino ndalandira mafunso awiri okhudza kwadi, ija njinga yamoto ya mateyala anayi yomwe ena mwagula yoyendera kumunda ndi kukokera kangolo. Bambo ena aku Ruwa, pafupi ndi Harare, akuti yawo akangosiya moto imaombera pha! pha! ku ekizozi mpaka nkhuku kubalalika, akafika poima imazima yokha. Mayi ena aku Norton akuti yawo imalira bwinobwino mphindi 10 kapena 15 kenako imayamba kufooka nkuzima, akaidikira pang'ono imaliranso ngati palibe chachitika. Onse awiri makaniko wawauza kuti agule CDI yatsopano, kabokosi ka zamagetsi kolamulira moto woyatsa petulo mu injini.

Ndalamazo zisungeni kaye. CDI imafa inde koma pa ma kwadi omwe ndakumana nawo m'minda muno vuto limakhala la mafuta ndi mpweya, zamagetsi ndi mwa apo ndi apo.

Tiyambe ndi inu bambo aku Ruwa. Injini ikamaombera nthawi yomwe mwachotsa chala pa moto, kawirikawiri ndiye kuti petulo akulowa wochepa mpweya nkuchuluka, ndiye motowo suyaka bwino mkati, mafuta ena amathawira ku ekizozi osapsa nkukaphulikira kumeneko. Mu kabuleta, chija chosakaniza petulo ndi mpweya, muli tima jeti tiwiri, tizitsulo tabowo todutsa petulo, kakakulu kamagwira ntchito mukamathamanga, kakang'ono ndi kamene kamasunga injini ikamalira poima, ndipo kabowo kake nkochepa kuposa diso la singano. Nanga petulo wathu wa kuno ku Zimbabwe mukumudziwa, kuyambira 2013 ndi wosakaniza ndi ethanol, nthawi zina mpaka magawo 20 pa 100. Ethanol amakoka madzi a mumpweya, ndiye kwadi ikangokhala mu shedi miyezi iwiri itatu mukatha kukolola, mafuta otsala mu kabuleta amauma nkusiya phula ndi tizinyalala tobiriwira, kajeti kaja basi katseka. Mukufuna kutsimikiza? Ilizeni mutakoka choki, chija mumakoka poliza injini yozizira. Ikamalira bwino ndi choki koma nkuzima mukangochibweza, kawirikawiri ndi kajeti komweko.

Tsekani mafuta, masulani kambale ka pansi pa kabuleta, thirani zomwe zilimo mu botolo loyera muone, madzi amakhala pansi petulo pamwamba. Chotsani ma jeti, apopereni mankhwala otsukira kabuleta, muwayang'anire ku dzuwa mpaka kuwala kuoneke pa kabowo. Chonde musatokose ndi waya wolimba kapena singano, jeti ndi yofewa, mukakulitsa bowo mwayambitsa vuto lina. Kasikuluwu ka m'mbali mwa kabuleta, kosinthira kasakanizidwe ka petulo ndi mpweya, musanakamasule kamangeni pang'onopang'ono mpaka kaime mukuwerenga kuti kazungulira kangati kuti mukabwezere pomwe kanali.

Mukatero onani labala yolumikiza kabuleta ku injini, dzuwa lathuli limaing'amba, mpweya nkumalowera pa mng'alu. Gwedezani kabuleta injini ikulira, kaliridwe kakasintha ndiye pali pobooka. Onaninso pomwe ekizozi yamangidwa ku injini, pakakhala mwaye wakuda m'mbali gasiketi yatha, nayonso imaombetsa.

Pulagi ndi mboni yosanama, ichotseni muione. Yofiirira ngati tiyi wamkaka ili bwino, yoyera mbee mafuta akuchepa, yakuda bii mafuta achuluka. Apa pali kanthu kena, Harare ili pamtunda pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya kuno ndi wopepuka ndiye injini ya kabuleta imakonda kudetsa pulagi osati kuyeretsa. Mukaipeza yoyera kuno dziwani kuti penapake patsekadi kapena pabooka. Ikakhala yakuda yambani ndi fyuluta ya mpweya, fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala silicheza, makamaka ngati mumayenda kumbuyo kwa thirakitala. Ya siponji ichapeni ndi sopo, iume, mupake oilo pang'ono nkufinya. Ndinapezapo mlimi wina ataichotseratu ati injini ipume bwino kkk, miyezi ingapo injini ikufuka utsi mapisitoni atadyeka.

Mayi aku Norton yanu ndikuganiza nkhani ndi chotsekera pa thanki. Petulo akamatsika mpweya umayenera kulowa kudzera pa kabowo kapena kapaipi ka pa chotsekeracho, kakatsekeka ndi matope kapena mavu akamangamo, thanki imakhala ngati chigubu chomwe mwachizondotsa, mafuta amasiya kutsika. Ikangoyamba kufooka masulani chotsekera, mukamva fyuu nkuyambanso kulira bwino, mwalipeza. Zikapanda kutero onani fyuluta ya mafuta ndi kasefa ka mu tapu ya pansi pa thanki. Zonsezi zikakhala bwino, ikangozima chotsani pulagi nthawi yomweyo isanazizire, igunditseni ku chitsulo cha injini nkuliza sitata. Moto ukakhalapo wa buluu zamagetsi zilibe mlandu, muuze makaniko ayeze mavavu injini itazizira, chifukwa akathina injini imavuta kudzuka komanso imazima ikatentha, muyezo wake uli m'buku la kwadiyo. Moto ukasowa ikatentha nkubwera ikazizira, apo ndiye tikambe za koilo yotumiza moto ku pulagi ndi CDI, ndipo popita kukagula CDI mu Harare, ku Kaguvi Street kapena ku msika wa Siyaso, nyamulani yakaleyo chifukwa ma pulagi ake a mawaya amasiyana.

Mukadziwa kuti ikhala osayenda kupitirira mwezi, tsekani tapu ya mafuta muisiye ilire mpaka izime yokha. Ndipo bambo aku Ruwa, mpaka itakonzeka musailowetse m'mapesi kapena mu udzu wouma, kuombera kumeneko kumatulutsa moto weniweni, makamaka nyengo ya lupsa.