Mapale a ku Trypillia ndi mapale a m'munda mwa agogo

Sabata yatha bambo wina anandilembera imelo. Akuti anamva dzina loti Trypillia pa nkhani za nkhondo ya ku Ukraine, atafufuza n'kupeza kuti ndi kamudzi chabe. Ndiye akufunsa kuti kali pati, nanga kamudzi kotere kangakhale ndi mbiri yanji? Achimwene, mawu anu oti "kamudzi chabe" aja andigwira pachilonda.

Munda wa agogo anga aakazi unali m'munsi mwa kaphiri. Chaka chilichonse tikamagalauza, khasu linkafukula mapale. Ena anali ndi timizere m'khosi, ngati wina anadinda ndi chipeso dongo lisanaume. Agogo ankati ndi a anthu akale, osati amtundu wathu, ndipo ankatikaniza kupita nawo kunyumba. Ife tinkangowaunjika m'malire pamodzi ndi miyala, ena n'kumagendera mbalame. Nditakula, nditamva za mbiya zamakedzana zimene zinafukulidwa ku Nkope m'mbali mwa nyanja, ndinabwerera ndi foni kuti ndikajambule. Ndinakapeza munda unagulitsidwa kalekale, pamalopo pali nyumba yamalata. Agogo anali atatisiya. Sindinawafunsepo, ngakhale tsiku limodzi, kuti za anthu akalewo anazimva kwa yani.

Tsono ku Trypillia nako makasu ankafukula mapale. Kusiyana kwake n'kwakuti m'zaka za m'ma 1890 kunafika munthu amene anawerama n'kutola. Dzina lake Vikentiy Khvoika, wobadwira kudziko la anthu a Chicheki koma wokhala ku Kyiv, likulu la Ukraine. Anakumba pafupi ndi mudziwu napeza mbiya zojambulidwa mizere yozungulirazungulira, tiziboliboli tadongo ta akazi, ndi zotsalira za nyumba zopsa. Ku Romania anali atapeza kale zofanana nazo mu 1884 pamudzi wa Cucuteni, n'chifukwa chake lero akatswiri amati chikhalidwe cha Cucuteni-Trypillia. Anthu ake anali alimi a tirigu ndi balere, oweta ng'ombe, ndipo anakhalako kuyambira cha m'ma 5500 mpaka cha m'ma 2750 Yesu asanabadwe. Midzi yawo ina, monga ya ku Talianky ndi Maidanetske kum'mwera kwa Trypillia, inali ya mahekitala mazanamazana, nyumba zitandandalikidwa mozungulira. Chodabwitsa, pakapita zaka ankaziotcha nyumbazo, ndipo mpaka lero akatswiri amakangana kuti ankatero chifukwa chiyani.

Ine ndiye ndimakana kwamtuwagalu zoti mbiri imakhala m'tauni. Anthu amenewa sanasiye buku kapena dzina la mfumu yawo. Anasiya mbiya zosweka basi, zonga zimene ine ndinkagendera mpheta. Ndipo zimandinyansa kuti mudzi umakumbukika pokhapokha bomba likagwa pafupi. Ifenso Ukraine tinamudziwira pa thumba la feteleza, mtengo utakwera mu 2022, tikudandaula pamzere kudepoti, osadziwa n'komwe kuti kumeneko kuli agogo olima mbatatesi kuseri kwa nyumba ngati athu omwe.

Komatu mudziwu uli ndi zolembedwa zakenso. M'mabuku akale a ku Kyiv umatchulidwa pa nkhondo ya mu 1093, apo unali mudzi wa linga wotchedwa Trepol. Akalonga atatu, Sviatopolk, Vladimir Monomakh ndi mng'ono wake Rostislav, anakumana ndi Apolovtsi, anthu okwera pamahatchi a m'zigwa zakum'mwera, pamtsinje wa Stuhna. Anagonja. Pothawa, Rostislav anamira mumtsinjemo mkulu wake akuona, iye atayesa kumuvuula mpaka kutsala pang'ono kumira naye. Nkhani imeneyi ndikaiwerenga ndimaona mtsinje wakwathu mu Febuluwale, wofiira, wonyamula zitsa.

Mu 1919 kunatulukanso mwana wa m'mudzi momwemo, Danylo Terpylo, amene ankadziwika kuti Zelenyi. Anatsogolera alimi kuukira Abolisheviki, olamulira achikomyunizimu, omwe ankalanda chakudya m'midzi. Anyamata ake anapha gulu la achinyamata achikomyunizimu ochokera ku Kyiv, ndipo boma la Soviet Union linakhala zaka zambiri likuwalira anyamatawo, Zelenyi likumutcha chigawenga. Lero ambiri ku Ukraine amamutcha ngwazi. Munthu yemweyo, mudzi womwewo.

Tsono kali pati?

Kali m'chigawo cha Kyiv, m'boma la Obukhiv, pafupifupi makilomita 40 kum'mwera kwa mzinda wa Kyiv, kutsidya lakumadzulo kwa mtsinje wa Dnipro, pamene madzi anatambasuka chifukwa cha damu la ku Kaniv. Mumakhala anthu pafupifupi 3,000. Dzinalo limatanthauza minda itatu, ndipo amati linabwera chifukwa cha zigwa za mitsinje ya Stuhna, Krasna ndi Bobrytsia. Muli phiri lotchedwa Divych-hora ndi nyumba yosungiramo zinthu zofukulidwa pansi.

Chimene munamva pawailesi chija, achimwene, ndi siteshoni ya magetsi ya Trypilska, yomwe inali ya mamegawati 1,800, kuposa Nkula, Tedzani ndi Kapichira kuphatikiza pamodzi. Mizinga ya Russia inaiphwasula pa 11 Epulo 2024. Inatenga dzina la mudziwu koma ili m'tauni yoyandikana nawo ya Ukrainka. Mukamafufuza pamapu lembani Trypillia, Obukhiv. Mukalemba Tripoli mukatulukira ku Libya.