Ana akuloweza zaka koma akusokoneza mbiri: yambani ndi chingwe

Aphunzitsi, mwati ana anu a Sitandade 6 amatchula 1915 ndi 1964 osaphonya, koma wina adakufunsani ngati John Chilembwe adavina nawo tsiku la ufulu. Mwanayo si mbuli ayi. Kwa mwana wa zaka 11, chilichonse chimene chidachitika iye asanabadwe ndi "kalekale" basi. Ayenera kuona ndi maso kutalikirana kwa zakazo.

Pezani chingwe cha mamita 7, mapegi ndi zidutswa za katoni. Chaka chimodzi chikhale masentimita 5. Poyambira pa chingwe pakhale 1891, pamene dziko lino lidalowa mu ulamuliro wa Britain. Chilembwe, 1915, akhala pa mita 1 ndi masentimita 20. Ufulu wa pa 6 July 1964 ukhala pa mamita 3 ndi masentimita 65. Kusamuka kwa likulu kuchoka kuno ku Zomba kupita ku Lilongwe, 1975, pa mamita 4 ndi masentimita 20. Ayeze ndi anawo, ndi rula ya pa bolodi. Kenaka mwana mmodzi aime kumapeto, ayeze moyo wake wonse: masentimita 55 okha! Apa m'pamene amazindikira kuti pakati pa Chilembwe ndi ufulu padadutsa zaka 49.

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri n'kupachika makadi motalikirana mofanana kuti pakhoma pakongole. Mukatero mwapha phunziro lonse, poti 1964 ndi 1966 (chaka chimene Malawi adakhala lipabuliki) zioneka zotalikirana ngati 1891 ndi 1915. Musadzazenso chingwe tsiku limodzi. Makadi awiri kapena atatu pa sabata akwanira.

Sabata yachiwiri atumeni kwa akuluakulu ndi mafunso atatu okha, olembedwa m'kope. Muziti "munthu wamkulu wa kwanu", osati "agogo ako", chifukwa ana ena ndi amasiye ndipo amangokhala chete ndi manyazi. Akuluakulu ambiri sasunga zaka pamtima, choncho funso lisakhale loti "chinali chaka chanji?" Afunse kuti: zinachitika Napolo wa 1946 atadutsa kale? Nanga njala ya 1949? Nanga nyanja ya Chilwa itauma mu 1995 munali kuti? Mayankhowo muwapachike pa chingwe chomwecho, pafupi ndi makadi a m'buku. Akabwera ndi nkhani zotsutsana, makamaka za nthawi ya Kamuzu, musathamangire kugamula. Afunseni kuti amene wanenayo adaona yekha kapena adangomva. Limeneli ndiye luso lenileni la mbiri, ndipo ana amalikwanitsa.

Inu a ku Zomba muli ndi mwayi umene ena alibe. Nyumba yakale ya malamulo ilipo, chipilala cha asilikali a King's African Rifles chilipo pafupi ndi Cobbe Barracks. Pemphani chilolezo kwa ahedi ndi kwa oyang'anira malowo nthawi ikadalipo, ana muwagawe m'magulu a khumi, gulu lililonse ndi wamkulu wake ndi ntchito imodzi: ena ajambule, ena akopere mawu ndi zaka zolembedwa. Popanda ntchito ulendowo umasanduka wokadya mandasi.

Ngati ya thiransipoti palibe, tulutsani K200 ndi K500 m'thumba. Pali nkhope za Rose Chibambo ndi Chilembwe. Ana apeze malo a aliyense pa chingwe.