Yankho kwa achimwene a ku Limbuli pa za Fibonacci ndi kubetcha

Achimwene, mwafunsa ngati ndi zoona kuti mukamabetcha motsatira manambala a Fibonacci simungadyedwe, poti mnzanu wa kabaza wakuuzani kuti iye akudya nayo sabata ndi sabata. Ndiyankha motalikirapo chifukwa njira imeneyi ndinayendapo, ndipo kabuku kamene ndinkalembamo kakadali m'bokosi kunyumba kuno ku Chitakale.

Manambala akewo ndi awa: 1, 1, 2, 3, 5, 8, 13, 21, 34, 55, 89, mpaka kutsogolo. Nambala iliyonse mumaipeza pophatikiza ziwiri zam'mbuyo mwake. Dzinalo ndi la Leonardo wa ku Pisa ku Italy, amene anawalemba m'buku lake la masamu m'chaka cha 1202 powerengera mmene akalulu angaswanirane. Za akalulu, osati za mpira. Akatswiri a ku India anali atawadziwa kale iye asanabadwe.

Obetcha amachita chonchi. Mumasankha timu imodzi n'kumabetcha kuti masewero ake athera draw. Mukayamba ndi K500 n'kudyedwa, mumaikanso K500. Mukadyedwanso mumaika K1,000, kenako K1,500, K2,500, K4,000, K6,500, K10,500. Tsiku limene draw yabwera mumabwerera pa K500. Ndipo mnzanuyo sakunama pa chinthu chimodzi: ngati ma odds (nambala imene amachulukitsa nayo ndalama yanu mukawina) ali pamwamba pa 2.62, draw ikabwera imabwezadi zonse zimene munataya ndi kaphindu pamwamba. Ma odds a draw nthawi zambiri amakhala cha m'ma 3, ndiye papepala zimaoneka ngati mwatola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Ine miyezi iwiri yoyamba zinkayenda. Ndinkadya pa sitepe yachiwiri, yachinayi, nthawi ina yachisanu. Kandalama ka ndiwo, ka mayunitsi, mpaka ndinayamba kuphunzitsa anzanga kuntchito ngati ndine mphunzitsi wa masamu. Kenako timu yanga inangoyamba kuwina ndi kuluza, kuwina ndi kuluza. Nditafika pa sitepe ya 9 ndinali nditataya K27,000, ndipo kabuku kankandiuza kuti ndiike K17,000. Ndinalibe. Mayi akunyumba anali atasunga ndalama ya banki mkhonde m'kachitini ka mkaka pamwamba pa kabati, yoti akapereke Lachiwiri. Ndinatengapo Loweruka m'mawa iwo ali kumsika, ndikudziuza kuti pofika madzulo ndibweza asanadziwe. Mpaka mphindi ya 88 zigoli zinali 1-1. Ndinali nditaimirira kale m'kanyumba koonetsera mpira muja, tikiti ili m'manja yonyowa ndi thukuta. Kona imodzi, mutu, basi. Zonse pamodzi K44,000 inapita, ndipo sitepe yotsatira inkafuna K27,500. Zimene zinachitika Lachiwiri lija sindilemba pagulu pano, muli alamu anga muno.

Vuto ndi lakuti mpira sudziwa kuti inu muli pa sitepe yanji. Timu ikatha masewero 9 osachita draw, sizitanthauza kuti draw "yakhwima" ngati nanazi wa ku Mulanje kuno. Masewero a 10 amayamba ali 0-0 ngati ena onse. Tiyerekeze kuti draw imabwera kamodzi pa masewero anayi, zomwe sizili kutali ndi mmene zimakhalira m'maligi akuluakulu. Mwayi woti mudutse masewero 10 osaiona ndi pafupifupi kamodzi pa maulendo 18. Mukabetcha chaka chathunthu, ndi matimu awiri atatu, tsiku limenelo likupezani ndithu. Pamenepo mudzakhala mutaika K71,500 pofuna kupeza phindu limene linayambira pa K500.

Ndipo 10 si malire. Okonda Premier League akumbukira Tottenham ya 2018/19. Inasewera masewero 28 a ligi popanda draw ngakhale imodzi, mpaka pa 2 March 2019 pamene inalepherana ndi Arsenal 1-1. Munthu amene anayamba ndi K500 pa masewero oyamba akanakhala atataya ndalama zoposa K416 miliyoni, ndipo pa tsiku la Arsenal akanafunika kuika zina zoposa K257 miliyoni kuti abweze. Ndani kuno angathe? Ngakhale mutagulitsa munda wa tiyi ndi njinga yamoto yomwe. Komanso makampani obetchetsa amaika malire pa ndalama imene mungaike ndi imene angakulipireni, ndiye mzere umaduka ngakhale thumba likanakhala lakuya.

Chinanso chimene anthu sachiona ndi kagawo kamene kampani imadula mu ma odds. Taganizani zoponya ndalama yachitsulo, mutu kapena tambala. Mwachilungamo ma odds akanakhala 2.00 mbali zonse. Kampani imakupatsani 1.90. Ndiye kuti pa K100 iliyonse imene mwaika, pakapita nthawi K5 ndi yawo. Kaya muike mofanana tsiku lililonse, kaya motsatira Fibonacci, kaya mowirikiza kawiri ngati amachitira ena pa masewera obetcha a kandege aja, kagawoko kalipo pa tikiti iliyonse. Fibonacci imangokukakamizani kuika ndalama zambiri, ndiye kagawo kawo kamakulanso.

Mnzanu wa kabazayo ndikumukhulupirira kuti akudya. Inenso ndinkadya. Njirayi imapereka tizipambano tating'onoting'ono kambirimbiri, n'kusunga chikwapu chachikulu chimodzi kutsogolo. Mumufunse kuti wakhala akuchita kwa miyezi ingati, ndipo sitepe yapamwamba imene anafikapo ndi iti. Mumufunsenso kuti akadzafika pa 10 ndalama adzaitenga kuti, chifukwa yankho lake nthawi zambiri ndi katapila.

Ngati mtima ukukanabe, yesani osaika ndalama. Tengani kope, sankhani matimu atatu, kaya a Super League yathu kaya akunja, muzilemba sabata iliyonse zimene mukanaika ndi zimene mukanadya mpaka ligi ithe. Musadumphe sabata imene zavuta. Mukamaliza mudzajambule tsambalo mutiponyere muno, nanenso ndidzajambula langa lija.