Funsani Amisiri: Pabalaza chisanu, kuchipinda kwa ana ng'anjo

FUNSO: Amisiri, ndimakhala ku Nchalo m'nyumba yamalata ya zipinda zitatu. Chaka chatha tinadzimana n'kugula makina oziziritsa m'nyumba, tinawaika pabalaza. Pabalazapo pamazizira mpaka apongozi anga amafunda chitenje, koma kuchipinda kwa ana n'kung'anjo, moti amatsika pabedi n'kugona pasimenti. Ndimatchera pa madigiri 16, mayunitsi amagetsi angotha ngati mchere wa m'ndiwo. Kodi anatigulitsa makina achabe? — Mayi wa ana atatu, Nchalo

YANKHO: Mayi, makinawo alibe mlandu. M'kati mwa bokosi lili pakhomalo muli kachipangizo kotchedwa thermostat, ndipo kamamva kutentha kwa pamalo pomwe kali basi. Pabalaza pakazizira kufika pa nambala yomwe mwatchera, kamauza injini ya panja kuti ipume. Za kuchipinda kwa ana sikazidziwa n'komwe. Ndiye kutchera pa 16 sikuthandiza anawo. M'mwezi wa Okutobala kuno kuchigwa, kunja kukapitirira madigiri 40, makinawo amangolira osapuma pofunafuna 16 amene sangamupeze msanga. Ikani pa 24 kapena 25, apongozi avule chitenje.

Kumayiko ozizira ngati Canada mpweya wotentha umayenda m'mapaipi kupita chipinda chilichonse, ndipo nyumba zina amazigawa m'zigawo, chilichonse ndi thermostat yake komanso kachitseko ka m'paipi kotseguka n'kutsekeka kokha. Ife mapaipiwo tilibe. Athu ndi zitseko zenizeni: tsekani kukhitchini ndi chipinda chimene simugonamo, tsekulani kwa ana, muike fani pansi pakhomo lotulukira pabalaza kuti izikankhira mphepo kwa anako. Pansi ndithu, chifukwa mpweya wozizira umatsika.

Koma ndikuganiza kuti chipinda cha anacho chayang'ana kumadzulo. Khoma lotere limamwa dzuwa kuyambira masana mpaka kulowa, usiku n'kumalavula moto wonsewo m'nyumba. Kaligwireni cha m'ma 8 koloko usiku, mudzandiuza. Ndinagwirapo ntchito m'nyumba ina ku Bangula komwe eni ake ankafuna kugula makina achiwiri. Nditasuzumira, chipinda chovutacho n'chokhacho chinalibe siling'i, malata ali pamutu penipeni. Tinakhoma siling'i, tinapachika mphasa kunja kwa zenera, ndalama ya makina inakalipira fizi. Mphasayo ikhale kunja, osati m'kati, poti katani amatchinga dzuwa litalowa kale pagalasi.

Mukapeza kangachepe pakani malata penti yoyera, ndipo mvula ikayamba dzalani mtengo wa nimu kumadzulo kwa khomalo, motalikirako ndi maziko. Chinanso, fumbi la ku Nchalo mukulidziwa: tsekulani chivundikiro cha makinawo, muchotse sefa yotchinga fumbi ili m'katimo n'kuitsuka ndi madzi pakatha masabata awiri alionse, iume kaye musanaibwezere.