Za ng'oma ndi tepi ija, msuweni

Eee, msuweni, wadzuka bwanji kumeneko? Meseji yako ndaiona mu gulupu muja, yoti kodi ng'oma zimamveka bwino pa tepi yakale kapena pa kompyuta, poti kuli munthu ku Limbe akugulitsa makina a tepi. Ndimati ndiyankhe usiku womwewo koma foni inalibe moto. Pano ndili pakhonde, ukamva tambala usadabwe.

Iweyo ndimakudziwa. Kuyambira uli mwana, ukafuna ndiwo umafunsa za nsima. Funso lakoli si la makina ayi. Unamvera kaseti ya amalume ija tsiku la sadaka, ndinakuona mmene unakhalira chete pa mkeka paja. Kenako unapita kukamvera zomwe unajambula m'kachipinda kako ka ku Matawale, mtima n'kukuwawa. Ndanama?

Chabwino, za tepizo ndikuuze pang'ono. N'zoona, tepi ili ndi kachikhalidwe kake. Ng'oma ikamenyedwa mwamphamvu, tepi imakhala ngati ikufinya mawuwo, nsonga yakuthwa ija imafewa, ndiye ng'oma imamveka yonenepa. Kompyuta ilibe chifundo chimenecho: mawu akangopitirira pa 0 pa kamuyezo ka mphamvu ya mawu, pofiira paja, amang'ambika basi. Ndiye tsitsa gain, mphamvu yolowera mawu ija, jambula pa 24-bit, muyezo wosunga mawu mwatsatanetsatane, usiye mpata wokwanira, udzakweza pambuyo. Koma tepi imene anthu amaitama ndi ya m'masitudiyo akuluakulu, yaikulu mainchesi awiri m'lifupi, yothamanga masentimita 38 pa sekondi kapena kuwirikiza kawiri. Mkombero umodzi pa liwiro la 38 lija umatha m'mphindi ngati 33. Kaseti ya amalume imayenda masentimita osakwana 5 pa sekondi, ndi kaphokoso kake ka "sss" pansi. Ndiye kukoma kumene unamva kuja... imani kaye, ndifika.

Amalume aja, aaa! Iwe unali usanabadwe... ayi, unali utabadwa, unali kumbuyo kwa azakhali, chaka chomwe chija cha nkhani ya njinga. Wailesi ya kaseti ija anabwera nayo kuchokera ku Joni, yamasipika awiri, amaifunditsa nsalu ngati mwana wakhanda. Tsiku lojambula beni ku Songani ankadzuka kusanache. Ine ndinali wonyamula mabatire, asanu ndi limodzi, m'kathumba ka shuga. Tikafika, iwo sankathamangira batani ayi. Choyamba moto wa udzu. Ng'oma zonse aziwambe, akuzitembenuza, akugogoda ndi chala, "iyi sinapse, bwezerani." Ng'oma yaikulu ija aimate phula pakati kuti mawu atsike. Anthu ayamba kale kudandaula kuti dzuwa lakwera, iwo osamva.

Kenako amati, "Imbani!" Anthu n'kuyamba, iwo n'kumazungulira bwalo lonse chala chili m'khutu limodzi. Ana tinkaseka. Apite kumtengo wa mango, abwerere, agwade, aimirirenso. Pamene aima n'kugwedeza mutu, pomwepo ndi pamene paikidwe mpando, wailesi pamwamba. Ng'oma yaing'ono yolira kwambiri ija aisunthire kumbuyo, oimba pakamwa awakokere kutsogolo. Amati khutu lako likakana malo, wailesinso ikana. Ndipo ng'oma zikazizira pakati pa nyimbo, amaimitsa zonse, kubwereranso ku moto. Kubweza kaseti amabweza ndi cholembera, kuizunguza m'mwamba chonchi, kusunga mabatire.

Tsiku lina makaseti atawathera, anajambula pamwamba pa kaseti ya ukwati wa amayi aakulu. Hee! Inu amene muli mu gulupu muno mukukumbuka, sindiwonjezera. Mpaka lero ukaimvera, nyimbo ya beni ikatha mumamveka kanthungululu kamodzi ka pa ukwati paja. Ine ndikafika pamenepo misozi imalengeza, chifukwa onse awiri anatisiya.

Makaseti analipo odzaza katoni. Atsala atatu. Ena onse anachita nkhungu, chinyezi cha kuno kunsi kwa phiri nthawi ya dzinja ukuchidziwa. Ndiye ganiza, makina a ku Limbe akowo: mitu yake yojambulira ndi kuwerengera tepi yofuna kupukuta kawirikawiri, malamba ake akaduka uwapeza kuti, tepi yatsopano uitanitse kunja. Ndalama imeneyo, msuweni, iwe amene ukadali ndi ngongole yanga ya minibasi ya ku Liwonde?

Ndinamvera zomwe unanditumizira mwezi watha. Vuto si laputopu. Chipinda chako n'chaching'ono, makoma a simenti, denga la malata, mawu akungogundagunda n'kubwerera mu maiki. Ndiponso maiki unaiika pafupi kwambiri ndi chikopa, ukungomva "pha pha" wa dzanja, thupi la ng'oma kulibe. Ng'omayonso inali yozizira, ndinaimva. Interface yako, kabokosi kolumikiza maiki ku laputopu kaja, ili ndi polowetsa pawiri, eti? Zakwana. Maiki imodzi chapafupi, inayo patali masitepe atatu kapena anayi, panja pabwalo, m'mawa mphepo isanayambe. Ukafuna kufewa kwa tepi kuja, ma plugin ake, timapulogalamu tosinthira mawu pa kompyuta, alipo, ena aulere, udzaika kunyumba.

Koma chimene ndimafuna kunena... eee, ndi ichi. Pa anthu onse amene akumveka mu kaseti muja, watsala mmodzi, madala aja a ng'oma yaikulu. Ndinakumana nawo pa msika wa Songani mwezi wathawu, akuyenda ndi ndodo, koma manja akadali awo, amagogoda pa benchi uku tikucheza. Anafunsa za iwe, "mwana wa achemwali uja amajambula nyimbo uja ali kuti?" Iweyo ukufuna kukawajambula, ndikudziwa, koma ukuopa kuti sizikamveka ngati za amalume, ndiye ukubisala kumbuyo kwa makina. Pita ukawajambule ndi zomwe uli nazozo. Chomwe unamva mu kaseti muja ndi manja a anthu aja, moto uja, ndi malo amene amalume anaima.

Ukundimva, msuweni? Za ku Limbe zisiye kaye. Madala aja sangadikire kuti upeze malamba a makina. Tenga laputopu, uitchaje idzaze, mamaiki awiri aja, mahedifoni.

Loweruka likubwerali ine ndilibe zochita. Tikumane pa depoti 6 koloko, shuga ndi sopo wa madala ndigula ine, udzu wowambira ng'oma tikaupeza konko. Ubwerenso ndi chingwe chija tikasamutsire makaseti atatu aja mu kompyuta mvula isanayambe. Tikawajambule madala aja Loweruka, wamva? Moni kwa azakhali, uwauze mbatata ija inafika.